Tebulo langa la mwala ndi apongozi a ku Ntcheu

Kuno ku Mzuzu ukamanga nyumba masiku ano anthu safunsanso kuti zipinda n'zingati. Akalowa amalunjika kukhitchini, n'kuyamba kusisita pamwamba pa makabati, kenako funso: "Granite ameneyu?" Ukati ayi, ndi matailosi, amangoti, "Ooo, komabe zili bwino." Mawu amenewa amapweteka kuposa kutukwanidwa. Ine ndinawamva mokwanira pamene tinkamaliza kanyumba kathu ku Chibavi, ndiye ndinalumbira kuti tebulo la pakati pa khitchini lokha likhala la mwala, zivute zitani.

Mitengo ndinakaifunsa m'tauni ndipo ndinabwerako thukuta lili kamukamu, kuzizira konse kwa Mzuzu kuja. Granite wakuda wonyezimira uja amachokera ku Mutoko ku Zimbabwe, ndipo pofika kuno amakhala atadutsa malire awiri ndi matumba a anthu ambirimbiri. Kwathu konkuno ku Chitipa, paphiri la Ilomba, kuli mwala wabuluu wokongola zedi, koma umenewo ndi wa anthu a kunja, ife timangouona utakwera lole pamsewu wa M1.

Ndiye panabwera mlamu wanga. Aliyense ali ndi mlamu wotere, wodziwa munthu amene amadziwa munthu. Ananditengera kwa mkulu wina wodula miyala kuseri kwa magalaja. Pabwalo pake panali ziliza zokhazokha, zina zoimirira, zina zogona, koma ine sizinandidetse nkhawa, chifukwa kuno kwathu odula miyala ambiri makasitomala awo oyamba amakhala a kumanda. Mkuluyo anatilowetsa kushedi, n'kuvundukula chimwala choyera chokhala ndi mizere yotuwa, chonyezimira moti ndinaona nkhope yanga pamenepo ikumwetulira.

"Granite woyera, adada. Wa kunja. Wina anaoda koma sanatenge."

Kutalika mamita 2, mulifupi masentimita 80, kuchindikala masentimita 3. Mlamu anati muyezo wake ukuoneka ngati anachita kuyezera khitchini yanga. Mtengo unali theka la umene ndinamva m'tauni. Kunsi kwake anamatirako thabwa la plywood, akuti kuti usasweke pa mabampu. Ndinamuyamikira mkuluyo kuti ndi munthu woganiza. Mwala wa muyezo umenewu umalemera pafupifupi makilogalamu 130, ndipo anyamata anayi amene anaukweza papikapu ankangoyang'anana osalankhula. Ine ndinkati ndi kulemera.

Miyezi yotsatira inali ya ulemerero. Alendo ankasisita, ine n'kumayankha modzichepetsa kuti ndi zinthu zazing'ono. Mayi a kunyumba ankakandirapo ufa wa mandasi, kuduliramo matimati, kuikapo mapoto. Ana ankalemberapo homuweki. Ine ndinkamwerapo khofi wa konkuno ku Mzuzu m'mawa uliwonse chigongono chili pamwalapo, ndipo ankakoma mosiyana.

Kenako kunamveka kuti apongozi akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona nyumba. Mayi ananyamuka Lachisanu kukawatenga, n'kundisiya ndi kamwana kathu komaliza ndi lamulo limodzi: nyumba ikhale yoyera. Nditayang'anitsitsa tebulo lija ndinaona kuti ulemerero wayamba kuchepa. Panali chibanga chakuda pamene pamakhala botolo la mafuta ophikira, ndi timizeremizere tosawala pamene ankadulira matimati.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mawu amenewa akhala akundinenera kwambiri pankhaniyi, ndipo ndikufuna zidziwike kuti ine ndinafunsa. Ndinafunsa pagulu la WhatsApp la anzanga a kusekondale, gulu limene muli loya, manesi awiri ndi m'busa. Yankho linabwera mogwirizana: mandimu ndi viniga, palibe dothi limene limalimba. Wina anatumiza ndi kavidiyo komwe.

Ndinakagula mandimu kwa amayi a ku Nkhata Bay, aakuluakulu, amadzi ambiri. Ndinawadula pakati, n'kufinyira tebulo lonse, n'kuthirapo viniga wosaumira. Nditatchera khutu ndinamva kaphokoso, tsiii, ndipo timathovu tinkatuluka pamwalapo. Ndinaitana mwana kuti adzaone. "Ukumva? Majeremusi akufa amenewo." Kuti afe onse ndinasanjika zibenthu za mandimu zija chafufumimba pa tebulo lonse, ine n'kupita kukaonera mpira.

Pobwera ndinapukuta. Nkhope yanga sinaonekenso. Paliponse pamene panakhala chibenthu cha ndimu panatsala chizungulire chotuwa, m'mizere yooneka bwino, chifukwa ine ndi munthu wadongosolo. Chibanga cha mafuta chokha ndicho chinalipobe, chathanzi.

Ndinaganiza kuti ndi madzi a mandimu aumirapo, ndiye ndinatenga kawaya kokwechera mapoto. Ndinakwecha mpaka phewa kuwawa. Usiku umenewo kunagwa kamvula kathu kowaza kaja, nyumba yonse chinyontho, ndipo kutacha tizidutswa ta waya timene tinatsalira m'mikwingwirima tinali titachita dzimbiri. Tebulo linali ndi timadontho tofiira ponseponse. Apa n'kuti mayi ataimba kuti akwera basi ndipo adutsa kale pa Kasungu.

Kubafa kunali botolo la mankhwala otsukira chimbudzi, abuluu aja, ndipo pabotolopo panalembedwa poyera kuti amachotsa dzimbiri. Sindinalembe ndine. Ndinathira. Abale anga, thovu limene linatuluka pamenepo! Linafufuma, n'kuyamba kutsikira pansi, fungo lake mpaka kwa aneba. Nditatsuka ndi ndowa zamadzi, mwala unali wabuluu mbali ina, ndipo pamwamba pake panali pokhakhala ngati mwala wokwechera zidendene kumtsinje.

Fungo lija ndi limene linabweretsa aneba athu, aphunzitsi a jogalafe pasekondale ina. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana tebulo, n'kuyang'ana makoko a mandimu m'ndowa, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, ndani anakuuzani kuti ameneyu ndi granite?"

Anapempha mpeni wa tebulo n'kukanda m'mphepete. Mpeni unalowa n'kusiya mzera woyera. Anati granite weniweni mpeni sungamukande, umangoterereka, chifukwa muli quartz, timiyala tolimba kuposa mpeni. Pa sikelo ya kulimba kwa miyala imene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, granite amakhala pa 6 mpaka 7, pamene marble ali cha pa 3 basi. Wangayu anali marble. Ndipo marble, anapitiriza mosafulumira ngati ali m'kalasi, ndi mwala wa laimu umene unapsa ndi kupanikizika pansi pa nthaka, mtundu umodzi ndi miyala imene amawotcha ku Chenkumbi ku Balaka popanga njereza. Asidi aliyense amaudya: ndimu, viniga, matimati, zakumwa zoziziritsa kukhosi, chinanazi. Kaphokoso kamene ndinamva kaja sanali majeremusi. Unali mwala wanga ukusungunuka n'kutulutsa mpweya.

Ndinawafunsa chimene anakhalira chete miyezi yonseyi pamene ankabwera kudzamwa tiyi patebulo lomweli. Anati sindinawafunse. Kenako, poti mphunzitsi akayamba saleka, anandiuza zonse zimene zikanandithandiza dzana. Pogula mwala umatenga kachidutswa n'kudontheza ndimu, kakachita thovu kapena kutuwa usaike kukhitchini. Umadonthezanso madzi n'kudikira mphindi zingapo, pakada ndiye kuti mwalawo ukumwa, ukufunika kupakidwa sealer, mankhwala otseka timabowo ta mwala kuti usamamwe zamadzi, ndipo ngakhale granite amafuna kupakidwanso pakapita nthawi. Kutsuka kwake ndi madzi ofunda, kasopo ka mbale pang'ono ndi kansalu kofewa, basi. Chibanga cha mafuta chija, chimene chinayambitsa nkhondo yonseyi, chinkangofuna phala la soda wophikira ndi madzi, kuphimba ndi pulasitiki tsiku limodzi kapena awiri kuti soda akoke mafutawo. Soda wa therere yemweyu. Anali pashelefu, akundiyang'ana nthawi yonseyi.

Ndinayala nsalu patebulo, n'kuikapo maluwa apulasitiki.

Apongozi anafika madzulo. Kwawo ku Ntcheu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndipo zolankhula zambiri zimadzera mwa mwana wawo. Mwambo umenewu ndinkauona ngati wachikale, koma tsiku limenelo ndinaukonda. Tinadya mpunga wa Kilombero ndi batala, iwo ndi mayi kukhitchini patebulo lija, ine pabalaza. Zonse zinkayenda bwino mpaka kamwana kaja katakhuta.

"Agogo, adadi atsuka tebuloli ndi mankhwala a kuchimbudzi."

Ndinamva supuni ikuikidwa pansi. Kenako ndinamva nsalu ikukokedwa, maluwa n'kugwa. Mayi sanakuwe. Anangobwera pakhomo la pabalaza n'kunena motsitsa mawu, "Bambo, tabwerani mudzandifotokozere," ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti bola kukuwa.

Kutacha ndinaimbira mkulu wogulitsa uja, foni yake sinkapezeka. Mlamu naye anati ali ku Karonga. Aphunzitsi ndi amene anandipezera mmisiri wina, mnyamata wa ku Luwinga wopolisha miyala. Anasisita tebulo, n'kuimba kamluzu. Anati marble akadyeka ndi asidi sikuti wada, wakumbika, ndiye mankhwala ake n'kumupala ndi makina, kuyambira ndi zokhakhala mpaka zosalala, uku akuthira madzi, mpaka kuwala kubwerere. Koma apa panadyeka mozama, utoto wabuluu unalowa mkati poti mwalawo sunapakidwepo sealer, komanso magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha.

"Koma adada, mwala uli ndi mbali ziwiri. Tiutembenuze tione kunsiku, mwina n'kosavuta."

Nzeru imeneyi inandisangalatsa moti ndinapita ndekha kukaitana anyamata. Apongozi anakhala pampando pakona ya khitchini atafunda chitenje, akuonerera. Aphunzitsi analiponso, sakanaphonya. Tinaunyamula mwala uja, kuutembenuza, kuugoneka pansi pamatumba. Mmisiri analowetsa tchizulo pansi pa plywood uja, n'kukanganula.

Choyamba kuoneka unali mtanda. Wosemedwa bwino, wopakidwa utoto wagolide. Pansi pake dzina la munthu, zilembo zikuluzikulu. Pansi pa dzina, zaka. Ndipo pansi penipeni: MZIMU WANU UUSE MUMTENDERE.

Anyamata aja anavula zipewa. Mmodzi anatuluka panja osatsanzika, ndalama yake sanabwerere mpaka lero. Aphunzitsi anawerama, n'kuvala magalasi, n'kunena kuti aona chimene eni ake anachikanira: wosema anasinthanitsa zaka, moti malinga ndi mwalawo mkuluyu anamwalira kaye kenako n'kudzabadwa patapita zaka zambiri. Ndiye wogulitsa uja anangopolisha kumbuyo, n'kumata thabwa kumaso, n'kudikira munthu wofuna granite woyera wa kunja. Mamita 2 aja sanayezere khitchini yanga.

Mayi anagwira pakamwa. Ndikudziwa ankaganiza za mandasi onse amene anakandira pamenepo, ena mwa iwo anakagulitsidwa kutchalitchi. Kamwana kanayamba kuwerenga dzina lija mokweza, chilembo chimodzichimodzi, mpaka anakatulutsa.

Apongozi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Uwafunse bambowa. Amene tamudyera pamsana dzuloyu ndi m'bale wawo?"

Mayi anandiyang'ana. Ndinayankha, kudzera mwa iwo, kuti ayi, sitikumudziwa.

"Uwafunsenso. Zilembozi zikhoza kufufutika?"

Mmisiri analowererapo kuti zikhoza, magetsi akayaka, kungopala pang'ono n'kupolisha, mwalawo mbali imeneyi uli bwinobwino. Apongozi anadzuka, n'kuyenda mozungulira mwala uja, n'kuugogoda ndi chala, n'kuyeza ndi mapazi kutalika kwake. Anati malemu apongozi aamuna agona zaka zonsezi pansi pa simenti yong'aluka, ana awo akungolonjeza chaka ndi chaka, osadziwa kuti Mulungu anakonza kale kudzera mwa mkamwini. Mtanda ndi mawu apansiwo asafufute, angochotsa dzina ndi zaka. Aphunzitsi anayesa kunena kuti marble panja amatuwa ndi mvula ndipo zilembo zimafufutika msanga kusiyana ndi granite, koma apongozi anati aphunzitsiwo akafuna akagule granite wawoyo, iwo alandira.

Kupala ndalipira ine. Kusema dzina latsopano ndalipira ine, ndipo zaka ndinakaimirira pomwepo ndi kapepala m'manja. Kukhitchini tabwezeretsa tebulo lakale lathabwa la ku Chikangawa, limene limalandira ndimu ndi viniga mosadandaula. Chatsala ndi thiransipoti. Ndakhala ndikuzungulira pamene pamaima malole kufunafuna yopita ku Ntcheu, koma dalaivala aliyense akangoona katunduyo amavula chipewa, kundipepesa, kenako n'kuwirikiza mtengo. Mayi akuti apongozi aimbanso dzulo, akuti mwambo wovundukula chiliza aika kale tsiku, abale onse auzidwa, ndipo mbuzi yake akuyembekezera kwa mwini mwala.