Kulemba mayina madzi asanasefukire

Semesita ino tili ndi phunziro la momwe anthu amathanirana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Aphunzitsi athu anati aliyense afufuze bungwe limodzi la mpingo lomwe limagwira ntchito imeneyi, ndipo anapinda timapepala n'kutiponya m'kapu. Mnzanga wa benchi imodzi anatola ADRA, wina Salvation Army, wina CADECOM, mayina oti ngakhale agogo kumudzi anawamvapo. Kanga kanali ndi mawu atatu achilendo: Mennonite Disaster Service. Ndinazungulira kalasi yonse kupempha kuti tisinthane, koma palibe anavomera.

Sabata yoyamba ndinangoitaya. Ndinalemba masamba anayi okhudza njala yomwe inagwa ku Ukraine cha m'ma 1920 ndi chakudya chomwe a Mennonite a ku America anatumiza kumeneko. Pepala linabwerera lili ndi mzere umodzi wa inki yofiira: "Mayi, awa ndi mabungwe awiri. Yambiraninso." Sananame. Lomwe ndinalemba ine ndi Mennonite Central Committee, MCC, lomwe linayamba mu 1920 ndipo limagwira ntchito m'mayiko ambiri. Langa, MDS, ndi mng'ono wake. Ilo ntchito yake ndi ya ku United States ndi Canada basi. Linalowa pansi pa MCC mu 1955, n'kudzaima palokha mu 1993. Likulu lake lili ku Lititz m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo la ku Canada lili ku Winnipeg.

Kuti ndimvetse chifukwa chomwe anthu amenewa amasiyira minda yawo n'kukakhoma denga la munthu yemwe sakumudziwa, ndinayenera kubwerera m'mbuyo kwambiri. Gulu la chikhulupiriro chawo linayambira ku Zurich, m'dziko la Switzerland, mu 1525, pamene anthu ochepa anabatizana ali akuluakulu, ponena kuti khanda silingavomere chikhulupiriro. Ambiri mwa iwo anakananso kugwira lupanga. Zonse ziwirizi zinali mlandu. Felix Manz, mmodzi wa oyambitsa, anamumiza mu mtsinje wa Limmat mu 1527. Dzina loti Mennonite linachokera kwa Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands yemwe anasiya unsembe mu 1536 n'kukhala mtsogoleri wawo. Kwa zaka zambiri anakhala othamangitsidwa, uku n'uku, mpaka ena anawoloka nyanja kupita ku America. Munthu amene boma likumusaka sangakadandaule kuboma nyumba yake ikapsa. Amadalira abale a mumpingo. Mpaka lero a Amish, omwe anapatuka ku gulu lomweli mu 1693, khola lalikulu la mmodzi likapsa amasonkhana anthu ambirimbiri n'kuimika lina m'masiku ochepa, amayi akuphika. Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka dima ya kwathu, yolimira munda wa munthu ndi thobwa.

Koma kuthandizana pachibale si kwachilendo. Funso langa linali loti, zinatuluka bwanji kunja kwa mpanda?

Yankho lili pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anyamata a ku America omwe anakana usilikali chifukwa cha chikhulupiriro ankatumizidwa ku ntchito ina yotchedwa Civilian Public Service, yomwe inachitika kuyambira 1941 mpaka 1947. Onse pamodzi anali pafupifupi 12,000, ndipo oposa 4,000 anali a Mennonite. Ankazimitsa moto wa m'nkhalango, kuteteza nthaka kuti isakokoloke, ena kusamalira odwala m'zipatala za amisala. Boma silinkawalipira, inkawasamala ndi mipingo yawo. Nkhondo itatha anabwerera kwawo atazolowera zinthu ziwiri: kugwira ntchito m'magulu okhala ndi kapitawo, ndi kutumikira anthu omwe si a mpingo wawo.

Mu 1950, m'tauni yaing'ono ya Hesston ku Kansas, mabanja achinyamata a makalasi a Sande sukulu anakumana kuti adyere limodzi panja. Ena mwa amunawo anali omwe aja a Civilian Public Service. Pocheza anafunsana kuti, popeza nkhondo yatha, kukana kupha kokha n'kokwanira? Nanga pa nthawi ya mtendere tichite chiyani? Kansas ndi dera la akamvuluvulu oopsa ndi madzi osefukira, choncho yankho silinali patali. Anapanga kagulu n'kukatcha Mennonite Service Organization, n'kusankha John Diller kuti ndiye azilumikiza anthu.

Apa ndi pomwe ndinaima nthawi yaitali, chifukwa pa tsikulo panalibe ngozi iliyonse. Palibe nyumba inali itagwa. Iwo anangoyamba kulemba mayina: uyu ndi kalipentala, uyu amatha kuphika, uyu ali ndi lole, uyu tikamuitana atha kunyamuka msanga. Kenako anadikira. Miyezi inadutsa kaundulayo ali chikhalire. Mu Meyi 1951 mtsinje wa Little Arkansas unasefukira ndipo mzinda wa Wichita unapempha thandizo. Usiku womwewo amuna 45 anafika ndi malole n'kuyamba kudzaza mchenga m'matumba otchingira madzi. Anthu 45 sungawapeze usiku umodzi poyenda khomo ndi khomo. Anapezeka chifukwa wina anali ndi pepala komanso telefoni.

Kuchokera pamenepo timagulu totere tinafalikira m'mipingo ya zigawo zina ndi ku Canada. Anagwira ntchito ku Indiana akamvuluvulu a Lamlungu la Kanjedza atawononga mu 1965, ku Mississippi namondwe Camille atadutsa mu 1969, ndipo mu 1970 anali nawo pakati pa mabungwe omwe anayambitsa National VOAD, mgwirizano woti mabungwe othandiza pa ngozi asamangopondana mapazi pamalo amodzi pomwe kwina kulibe aliyense. Namondwe Katrina wa 2005 anawasunga m'mphepete mwa nyanja ya kummwera kwa zaka zingapo, m'malo monga Pass Christian ndi New Orleans.

Mawu oti "zaka zingapo" ndi amene amasiyanitsa bungweli ndi ambiri. Inde, masiku oyambirira amakhalapo: kudula mitengo yogwera pa nyumba, kukuta madenga ndi malona, kukokolola matope. Nyumba zambiri kumeneko ndi za matabwa, mkati mwake makoma ndi mabolodi osalimba ndi madzi. Madzi akalowa, bolodi lonyowalo amalidula kupitirira pomwe madzi analekeza, n'kuchotsa zofunditsa za mkati mwa khoma, n'kusiya matabwa kuti aume. Mukafulumira kutseka, nkhungu imamera mkati ndipo eni nyumba amayamba kudwala chifuwa. Koma ntchito yawo yeniyeni imayamba atolankhani atapakira makamera. Ndi pamene amakhazikitsa msasa, nthawi zambiri pa tchalitchi kapena nyumba yobwereka, n'kuyamba kukonza ndi kumanga nyumba imodzi imodzi.

Kayendetsedwe ka msasawo ndinakajambula m'kope mwanga kawiri kuti ndikamvetse. Pali anthu okhalitsa mwezi kapena kuposa: woyang'anira ntchito yonse, wa muofesi, akapitawo a magulu, ndi ophika. Ndiye pali obwera sabata imodzi yokha, omwe amafika kumapeto kwa sabata, kugwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, n'kubwerera. Amadzilipirira ulendo, koma chakudya ndi pogona amazipeza pa msasa. Ena mwa iwo sanagwirepo hamala chibadwire. N'chifukwa chake kapitawo ndi wofunika: amalandira anthu atsopano Lolemba lililonse, kuwaphunzitsa, n'kuonetsetsa kuti khoma lomwe anayamba a sabata yatha likupitirira mowongoka. A Amish, omwe sayendetsa galimoto, amachita hayala minibasi ndi dalaivala wake n'kuyenda mtunda wautali. Opuma pa ntchito ena amabwera ndi magalimoto awo ogonamo. Ndipo sikuti onse ndi a Mennonite, aliyense wofuna amalandiridwa.

Wophikayo poyamba ndinamudumpha m'manotsi anga. Ndinadzamubwezeramo nditaganiza za mabwalo a zomangamanga omwe ndinawaonapo kuno kwathu, momwe ntchito imaimira ikakwana 12 koloko chifukwa aliyense wapita kukasaka chiwaya.

Chinanso chomwe chinandidabwitsa n'choti MDS kawirikawiri sisankha yokha woti immangire. M'dera lomwe mwagwa ngozi mumakhala komiti ya anthu a komweko yomwe imafufuza banja lililonse: analandira zingati ku inshuwalansi, zingati ku FEMA, bungwe la boma loona za ngozi, ndipo chatsala n'chiyani. Omwe amafika kwa MDS ndi otsalira pa sefa imeneyi: okalamba, olumala, kholo lolera lokha ana, opanda inshuwalansi. Ndalama za zipangizo zimasonkhanitsidwa kuchokera uku ndi uku, MDS n'kubweretsa manja aulere. Nzeru yake ndaiona. Mlendo wofika dzulo sangadziwe wovutikitsitsa, amangomva yemwe ali ndi pakamwa. Nyumba ikatha amachita mwambo woipereka, ndipo mwini wake amalandira makiyi, Baibulo ndi kansalu kosokedwa pamanja kopachika pakhoma.

Nkhani yomwe ndinaikonda kuposa zonse ndi ya milatho ya ku West Virginia. Kumeneko ndi kumapiri, ndipo mabanja ambiri nyumba yawo ili tsidya lina la kamtsinje, msewu tsidya lino, pakati pali kamlatho kawokawo. Madzi a mu 2015, komanso a mu Juni 2016 omwe anapha anthu 23, anakokolola timilatho tambiri totere. Popeza si milatho ya boma, inalibe woikonza. Nyumba ili bwinobwino, koma ambulansi singafike, ndipo gogo wodwala ayenera kuwoloka pamadzi. A MDS, omwe ntchito yawo inkadziwika kuti ndi nyumba, anagwirizana ndi mainjiniya ndi mabungwe ena n'kuyamba kumanga milatho ya zitsulo pansi, matabwa pamwamba. Kabowo koteroko, kogwera pakati pa udindo wa boma ndi mphamvu za mwini wake, amakaona ndi munthu amene wakhalitsa pamalopo.

Sindikufuna kuti pepala langa likhale nyimbo yotamanda, ndipo aphunzitsi athu sangalole. Pali zomwe zikundivuta. Munthu woyenda makilomita mazanamazana kuti akapente chipinda kwa masiku asanu, ndalama ya mafutayo sikanalemba mmisiri wa komweko, yemwenso ngoziyo yamusiya wopanda ntchito? Ndinaganizapo kwambiri. Ku America mmisiri ndi wodula zedi, choncho manja aulere amatsitsa mtengo wa nyumba kwambiri, ndipo mwina masamu ake amatuluka. Kuno kwathu ndi zosiyana: chodula ndi simenti ndi malata, pomwe manja ndi ochuluka, ndipo wobwera kudzamanga ulere akhoza kulanda ganyu ya mnyamata wa m'mudzimo. Komanso kudzipereka kwa sabata yathunthu kumafuna munthu yemwe kunyumba kwake wasiya chakudya. Mayi wogulitsa tomato ku Limbe akasiya benchi lake masiku asanu, ana agona ndi njala. Ndiye sindingalembe kuti tingotengera.

Komabe nkhaniyi yandibaya penapake. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 atafa m'dziko muno ndipo oposa 600,000 atasowa pokhala, mpingo wathu sunagone. Tinasonkha ufa, zovala, ndowa, sopo. Ine ndemwe ndinali nawo pa lole yopita ku msasa wina pa sukulu ya pulaimale. Tinapita kawiri. Pofika mwezi wa Meyi nkhaniyo inali itazilala, tabwerera ku zopereka za denga la tchalitchi. Mayi wina wamasiye wa m'dera lathu lopempherera, yemwe khoma la nyumba yake ya zidina linagwa mbali imodzi, anakhala kwa mchemwali wake chaka chathunthu. Mumpingo mwathu muli amisiri omanga osachepera atatu. Palibe anawafunsa. Inenso sindinawafunse.

Si kuti tilibe chifundo, ndiponso si kuti dongosolo sitilidziwa. Taonani maliro. Munthu akamwalira usiku, pofika m'mawa adzukulu ali kumanda ndi makasu, amayi akoleza moto, wina akulemba chipepeso m'kope, a mfumu auzidwa, a kwaya afika. Palibe amaitanitsa msonkhano wokambirana yemwe akumbe. Aliyense ankadziwa malo ake wakufayo asanadwale n'komwe. Ndi kaundula yemwe uja wa ku Hesston, kungoti wathu tinamulembera imfa yokha. Nyumba ikagwa mwini wake ali moyo, timayamba kufunsana kuti kodi zimenezi ndi za DoDMA kapena za a khansala.

Ndinadzazindikiranso mochedwa kuti anthu a mtundu wa chikhulupiriro chimenechi sali kutali monga ndinkaganizira. Mpingo wa Brethren in Christ, womwe uli m'banja limodzi ndi a Mennonite, ulipo kuno ku Malawi, ku Zambia cha ku Choma ndi Macha, ndi ku Zimbabwe komwe unafika ku Matopo mu 1898. Ndikufuna ndikacheze ndi abusa awo ndisanapereke pepala lomaliza.

Lamlungu lapitali, mapemphero atatha, ndinapempha a mkulu wa mpingo mphindi zisanu. Ndinali ndi kope la masamba 40 lomwe ndinalemba mizere inayi: dzina, luso, chida chomwe muli nacho, nambala ya foni. Anthu anayang'anana. Bambo wina anafunsa ngati pali alawansi. Nditati palibe, ena anaseka n'kutuluka. Analemba anthu 11. Awiri ndi omanga, mmodzi ndi kalipentala, amayi anayi analemba kuphika, ndipo mnyamata wina pa mzere wa luso anasiya popanda kanthu, koma pa chida analemba kuti wilibala. A mkulu anandifunsa kuti, "Nanga mayi, tiyamba liti?" Ndinawayankha kuti a ku Kansas anadikira kuchokera 1950 mpaka Meyi 1951. Iwo anati mvula ya kuno sidikira choncho, kopelo ndibwere nalonso sabata ya mawa.