Wakuba waulemu

Munthu amene anandibera WhatsApp anali waulemu kuposa abale anga onse. Ataimba foni anayamba ndi kupepesa kuti akundisokoneza, n'kutchula dzina langa bwinobwino, kenako anatsitsa mawu: "Bwana, pali akamberembere amene akufuna kulowa mu akaunti yanu pompano. Tikutumizirani manambala achitetezo, mutiwerengere msanga kuti tiwatsekere kunja."

Meseji inafikadi, manambala 6. Pansi pake panalembedwa kuti ndisauze munthu wina aliyense. Chenjezolo ndinaliona, koma ndinati akunena anthu ena, osati bambo wachifundo amene akundipulumutsayu. Ndinamuwerengera pang'onopang'ono. Atati sanamvetse, ndinabwereza. Pomaliza ndinathokoza.

Chonsecho iye anangolemba nambala yanga pa WhatsApp ya m'foni mwake, makina n'kutumiza manambala otsimikizira kwa ine mwini wake, ine n'kukapereka ndi manja awiri. Ndisanaike n'komwe foni pansi, WhatsApp inali itanditulutsa.

Macheza akale sanawapeze, poti amakhala m'foni, koma magulu onse anawapeza. Analemba m'gulu la banja kuti ndachita ngozi, ndili kuchipatala, anthu atumize ndalama pa nambala ina. Mayankho ake ndinkawaonera pafoni ya mkazi wanga.

Alamu anga ndiwo anayamba: "Ayambe abweza ngongole yanga ija, kenako adwale." Mchemwali wanga anati ameneyu si achimwene, achimwene sanalembepo "chonde" ndi "zikomo" mu meseji imodzi chibadwire. Azakhali anatumiza pemphero la mawu lalitali zedi, lopempherera mwendo umene palibe anautchula. Wakuba uja anachonderera usiku wonse, matenda anga akukulirakulira, mpaka ndinafika pokomoka. Sanatolepo kanthu.

"Bambo a kunyumba," anatero mkazi wanga akupukuta misozi ya phwete, "mukanakhala kuti mwagonadi kuchipatala, bwenzi tikunena zina."

M'mawa ndinalembetsanso nambala yanga, iye n'kutayidwa kunja. Koma anali ataikapo kale PIN yakeyake, ndiye ndinauzidwa kuti ndidikire masiku 7. Nditalowa ndinapeza kuti m'gulu la banja mulibe dzina langa. Ndinayamba kukalipa kuti wandichotsa ndani. Mkazi wanga anangondionetsa foni yake. Wakubayo anatuluka yekha mbandakucha, atalemba mawu omaliza: "Koma inu ndi abale ake enieni munthuyu?"