Afisi a ku Harar andisowetsa tulo

Funso la a dalaivala aja likundizungulirabe m'mutu, ndiye bola ndingolemba. Ati, "Nanga kwanuko fisi mukamuona mumatani naye?" Ine osaganiza n'komwe ndati timamuthamangitsa, ndipo akaoneka pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo, anthu amadziwa kuti ali ndi mwini wake amene wamutuma. Bambowo anaseka mpaka kumenya chiwongolero. Sikunali kuseka kwachipongwe ayi, komabe kunandilasa.

Galimotoyi ndinachita hayala mumzinda wa Dire Dawa, kuno ku Ethiopia, chifukwa cha zikwama, sindikanalimbana nazo m'minibasi. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma ndi chitunda chokhotakhota, kuchoka kotentha kukwera kumene kuli Harar, pamwamba mamita oposa 1,800. Pa Aweday tinaima nthawi yaitali. Pamenepo ndi pa msika waukulu wa chat, masamba aja amatafuna kuno, ndipo aliyense amathamanga kuti katundu wake achoke asanafote. A dalaivala anagula kamtolo kawo n'kukabisa pansi pa mpando, ati za madzulo. Sindinayankhe, ngakhale mumtima ndinati madzulowo mundiyendetsa muli bwanji.

Hayala amathera pa bwalo la Feres Megala. Kupitirira apo ndi tinjira toti anthu awiri sangadutsane popanda kukhudzana mapewa, ndiye ndalama zako zonse zija zimatsala ndi galimoto, iwe n'kuyamba wapansi ngati wina aliyense. Bambowa sanafune kudikira m'galimoto. Ananditsogolera okha, ulendo wonse akuloza ndi kiyi. Linga lozungulira mzinda wakale, limene amalitcha Jugol, ndi lotalika makilomita pafupifupi 3.5, ndipo anthu a kuno amati analimanga ndi Emir Nur ibn Mujahid m'zaka za m'ma 1500. Kale linali ndi zipata 5, mkati mwake muli mizikiti 82, ndipo UNESCO inauika mzindawu pa mndandanda wake mu 2006. Zonsezi anazitchula mothamanga ngati mwana wolakatula ndakatulo ya pa sukulu. Pamene anachedwa ndi pa kabowo kena m'munsi mwa linga, kofika m'mawondo. Anagwada n'kulowetsa mkono.

"Zipata zinkatsekedwa dzuwa likalowa, munthu wochedwa ankagona kunja. Koma awa sitinawatsekere. Apa ndi pawo."

Mkangano unayambira pamenepo. Iwo ati afisi amalowa usiku kudzatola mafupa ndi zotsala za ogulitsa nyama, komanso amadya majini oyendayenda mumzinda. Ati pa Ashura, tsiku lopatulika la Asilamu, amawaphikira phala lothira batala, ndipo mmene adyere phalalo akuluakulu amaonerapo mmene chaka chiyendere. Ine ndinawauza za chilombo cha ku Dowa cha mu 2003, chimene a zanyama ankati mwina ndi fisi wachiwewe, mmene chinaphera anthu, midzi n'kusamuka kukagona pa boma. Anamvetsera bwinobwino, mutu uli pansi, kenaka n'kufunsa, "Munkamupatsa chiyani asanayambe zimenezo?" Ndati abambo, fisi sapatsidwa kanthu. Ati ndiye musadabwe.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti chinandikwiyitsa kwenikweni n'chiyani. Anthu anafa ku Dowa, si nkhani yoti wina aiyankhe ndi phala. Komanso nawo sakunama, akhala ndi nyamazi mibadwomibadwo, ana awo akusewera m'tinjira timene afisi adutsamo usiku. Za fisi winayo, wa miyendo iwiri wa m'miyambo yathu ija, sindinaitchule n'komwe. Ndikanayambira pati.

Mwina ndi kutopa. Ndikakhala kutali ndi kwathu ndimasanduka loya wa zinthu zimene ndili ku Lilongwe ndimazitsutsa ndekha. Nkhani za afiti okwera afisi ndimaziseka chiyambire ku sekondale, koma lero ndinazinena ndi nkhope youma, ngati ndikuteteza mbendera.

Tinamwa khofi m'nyumba ina ya Chiharari, khoma lonse lodzaza mbale ndi madengu amitundumitundu, ndipo tinadutsa pa msewu wa Makina Girgir pamene atelala andandalika makina awo osokera. Zokongola ndithu. Maganizo anga anali pa kabowo.

Mdima utagwa anati tipite kunja kwa linga, zili m'kati mwa mtengo umene ndinalipira kale. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira ntchito ina ya galimoto ya hayala: magetsi ake ndiwo amaunikira bwalo. Mnyamata wina anakhala pansi ndi dengu la nyama yodulidwa mizeremizere, akuitana ndi mawu okweza, ndipo maso anayamba kuwala m'tchire, kenaka matupi. Ndi zazikulu nyamazi, kuposa mmene zimaonekera pa TV, makosi onenepa, kumbuyo kogwa. Mnyamatayo analuma kamtengo kakafupi, nyama ili lende kunsonga, fisi n'kubwera kudzaichotsa mphuno zitatsala pang'ono kugundana. Azungu awiri anachita nawo, akuseka ndi mantha.

Ine sindinatsike. A dalaivala anagogoda pa galasi, ndinapukusa mutu. Sanakakamize, anangokaima pambali manja ali m'thumba, fisi wina akuwanunkhiza buluku, iwo osamuyang'ana n'komwe. Fungo linkalowabe ngakhale magalasi anali otseka.

Pobwerera sitinalankhulane kwambiri. Pa geti pa malo ogona anangoti mawa 7 koloko, ndipo mukaganize yankho. Yankho la chiyani, sananene.

Chithunzi chimene ndinajambulira m'galimoto ndawatumizira amayi pa WhatsApp. Ayankha pompano kuti ndichifufute m'foni, ndipemphere ndisanagone, komanso akufunsa ngati dalaivalayo ndi munthu wabwinobwino. Sindinawayankhe.