Masabata 7 boti lili pamtunda, ine ndikulipira tsiku ndi tsiku

Lachiwiri lapitali boti langa labwerera m'madzi. Ndinakhala padoko mpaka mdima ndikungoliyang'ana, kenako ndinalowa mkati ndi tochi kukagwiragwira pansi ponse kuti ndimve ngati pali pomwe pakudontha. Pouma. Ndiye poti mtima wakhala pansi ndati ndilembe, chifukwa anthu mwakhala mukundifunsa kuti aise ulendo wa ku chilumba cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic, uja unathera pati, si unkati unyamuka Januwale akangoyamba? Eya ndinkatero. Tamvani zomwe zinadya Januwaleyo.

Kwa amene simundidziwa, kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakulira m'bwato la amalume, koma kuno ku Cape Town ndatha zaka ndithu ndikugwira ntchito ya faiba pa fakitale ina yopanga maboti a anthu andalama. Langali ndi Miura, mafiti 30 ndi pang'ono, aja ankapangidwa konkuno cha m'ma 1970 ndi 1980. Ndinaligula motchipa kwa mdala wina amene mawondo anamukana, linakhala zaka lili pa chingwe osayenda. Kuchoka pano kukafika ku Jamestown, tauni ya pa St Helena, ndi ma nautical mile pafupifupi 1,700, kunena kwake makilomita opitirira 3,000, ndipo boti ngati langali ndi masabata awiri kapena kuposerapo uli wekhawekha. Mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa n'kumakukankha kumsana, mkokomo wa madzi a m'nyanja wotchedwa Benguela nawonso ukulowera kumpoto, ngati kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay nthawi ya mwera, kungoti uku kulibe gombe loti ukathawireko ndipo kulibe golosale panjira. Chomwe wasiya chosakonza udzakonza wekha usiku mafunde akukumenya.

Langizo langa ndi limodzi ndipo ndilibwereza mpaka mutope nalo: musatulutse boti m'madzi zinthu zonse zisanakhale m'manja mwanu. Osati zili m'njira, osati anakulonjezani Lachisanu. M'manja.

Pa yadi pomwe ndinapita, sinditchula dzina, amakudya katatu. Kireni kukweza boti ulipire, kireni kutsitsa ulipire, ndiye tsiku lililonse boti likagona pa zitsulo zawo ulipirenso. Ine ndinawerengera masiku 10. Ndinati ndikweza kumayambiriro kwa Disembala, ndipale pansi, ndipake penti yoletsa nkhono ndi ndere ija, ndisinthe ma anode (tizitsulo toteteza zitsulo zina kuti zisadyeke ndi madzi amchere), ndione ma seacock (mavavu a pansi pa boti), nditsitse anthu asanatseke, holide yonse ndiziyesa boti panyanja. Pepala lake ndikadali nalo, ndikaliona ndimaseka ndekha.

Tsiku lachiwiri nditapala penti yakale ndinapeza matuza pansi pa boti, ambirimbiri ngati nthomba. Ukaboola limodzi mumatuluka timadzi tonunkha viniga, ndiye kuti madzi analowa mu faiba. Izi sizinandiopse, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, umapera ndi girainda, kutsuka ndi madzi abwino kangapo, kudikira paume, kenako epoxy. Vuto ndi kudikirako, faiba siuma chifukwa iwe uli pachangu. Ma seacock, aja mavavu otsekera mabowo a pansi pa boti, ndinakanda limodzi ndi mpeni n'kupeza mkati ndi mwa pinki, chizindikiro choti zinki inatha kalekale chitsulocho changotsala chigoba. Vavu lachitatu linathyokera m'manja mwanga nditangoligwira ndi sipanala. Ndinakhala pansi pa simenti kwa kanthawi ndikuganiza kuti limenelo likanathyoka ndili pakati pa nyanja bwenzi nkhani yake ili yotani. Onse ndinaika a bronze, ndipo pa lililonse ndamangirira kachipika kosongoka koti ndikhomerepo zikavuta.

Koma chinandipha ndi ma chainplate. Izi ndi zitsulo zomwe mawaya ogwira mlongoti amakoledwapo, zimadutsa pa deki n'kukamangidwa ndi mabawuti mkati. Mawayawo ndinali nditaoda kale atsopano, poti mdala uja sankakumbukira kuti anasintha liti ndipo a inshulansi ambiri safuna waya wopitirira zaka 10. Zitsulozo ndinkati zili bwino, pamwamba zikuwala, pansi zikuwala. Mkulu wina woyandikana nane pa yadipo, amene anawolokapo nyanja kangapo, anandiuza kuti zizule uzione, stainless imaola pamene sipafika mpweya, pakati pa dekipo pomwe madzi amchere amangokhala. Ndinanyinyirika koma ndinazula. Chachiwiri chinali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kudutsa pafupifupi theka la chitsulo. Mlongoti wonse unkadalira pamenepo.

Apa n'kuti tili pakati pa Disembala. Inu amene muli ku Joni kuno mukudziwa zomwe zimachitika pakati pa Disembala, mafakitale ndi mashopu a zitsulo amatseka mpaka Januwale, dziko lonse limapita kunyanja kukawotcha nyama. Ine ndikudziwa bwinobwino, fakitale yathu nayonso imatseka, koma mutu unali utaima. Ndinaika zitsulo m'chikwama, matakisi awiri, kuyenda wapansi dzuwa lili pamutu, kufika pa shopu yomwe anandilozera geti lili ndi loko wamkulu. Mlonda wake anali wakwathu, wa ku Mangochi, anangondimva kudandaula m'Chichewa n'kuyamba kuseka. Akuti achimwene mwachedwa ndi tsiku limodzi, atseka dzulo, panopa ngakhale msomali simuupeza. Anandipatsa madzi akumwa. Ndinayesa ena awiri tsiku lomwelo, chimodzimodzi. Tsiku lonse linapita, ndalama ya takisi inapita, ndinabwerera ndi zitsulo zanga zomwezo.

Ndiye mawa lake ndinapita ku ofesi ya pa yadi. Ndinalankhula mwaulemu ndithu, chipewa m'manja, ndinati mayi, kireni yanu nayonso ikupita ku holide, ngakhale nditafuna kutsitsa boti mawa simungathe, bwanji masiku amenewa mundichotsereko ngakhale theka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti boti lanu likudya malo. Malo ake ati? Yadi yonse mbee, maboti atatu okha, agalu akugona pamthunzi wa boti langa. Ndinalipira 16 Disembala, ndinalipira Khirisimasi, ndinalipira 26, ndinalipira Nyuwere, masiku oti geti lenilenilo linali lotseka ndipo kuti ndilowe ndimachita kupempha mlonda. Ndalama yomwe ndasiya pa ofesi imeneyo kumudzi ndikanafolera nyumba yonse ndi malata, khonde lomwe. Mxii.

Musatulutse boti zinthu zisanafike. Ndipo ma chainplate mungathe kuzula limodzi limodzi boti lili m'madzi pa doko, mlongoti mutaugwiriza ndi zingwe, sizifuna kireni n'komwe. Ndikanachita zimenezo mu Okutobala bwenzi pano ndikulemba ndili ku Jamestown.

Ndaiwala kunena za windvane, yomwe ndinayamba nayo kalekale boti lisanakwere. Ukakhala wekha sungagwire chiwongolero masabata awiri, uyenera kugona, kuphika, kusintha matanga. Kuli ka autopilot kamagetsi koma kamadya batire ngati njala ya Febuluwale, ndiye ndinagula windvane yakale ya mtundu wa Aries kwa munthu wina, chimakina choongolera boti ndi mphepo ndi madzi basi, palibe waya wa magetsi. Inabwera yomata ndi mchere, mabawuti osatembenuka, ndinaiviika m'mafuta sabata yathunthu m'bafa, madamu sanasangalale nazo. Poimanga kumbuyo kwa boti musangoboola n'kumanga, faiba ya pamenepo ndi yopyapyala, ikani chothandizira mkati. Kakamagetsi kaja ndatenganso, ka masiku opanda mphepo injini ikamalira.

Masabata otsekawo sindinangokhala, poti ndikulipira kale ndinati ndizigona momwemo ndizigwira ntchito. Thanki ya dizilo ndinaitsegula, pansi pake panali matope akuda ngati phala lopserera, tizilombo tomwe timamera dizilo akasakanikirana ndi madzi. Pa doko injini imalira bwinobwino, koma boti likayamba kugwedezeka matopewo amadzuka n'kutseka fyuluta nthawi yomwe ukuifunitsitsa injiniyo. Ndinakokolola ndi manja. Mawaya a magetsi ambiri anali obiriwira mkati, ndinasintha, ndinaika sola kumbuyo ndi mabatire awiri atsopano. AIS, kachipangizo koonetsa pomwe sitima zili, ndinaika yotumiza ndi kulandira yomwe, kuti sitima zikuluzikulu zizindiona ndiponso alamu izindidzutsa, chifukwa sitima ikaonekera kumalekezero a maso imatha kukupeza m'mphindi 20 zokha, n'chifukwa chake oyenda okha pafupi ndi njira za sitima amagona mphindi 20 n'kudzuka kusuzumira. Ndakhala ndikuyeserera kunyumba ndi alamu ya foni, ana akuti adadi apenga.

EPIRB, kachipangizo kofuulira thandizo kudzera pa setilaiti, inabwera ndi boti koma inali m'dzina la mdala uja ndi nambala ya foni ya landilaini yomwe mwina inadulidwa kale. Sinthani zimenezo msanga, apo ayi tsiku la tsoka opulumutsa azikaimbira munthu wolakwika. Batire yake ilinso ndi deti, yang'anani. Ma flare, aja umayatsa poitana thandizo, onse anali atatha ntchito. Liferaft, kaboti kofufumitsa kothawiramo boti likamamira, ndinapita nayo ku sevisi n'kupempha kuti ndikhalepo akamaifufumitsa, anavomera, ndipo ndikukulangizani muchite chimodzimodzi, ndi bwino kuiona koyamba pa simenti kusiyana ndi kuiona koyamba usiku boti likumira. Ndi yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Osoka matanga anandiikira reef yachitatu pa thanga lalikulu, kuti mphepo ikalusa ndizitha kulichepetsa kwambiri, ndipo ndamanga malamba kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo oti ndizidzikolekapo. Ukagwa m'madzi uli wekha boti silikudikira, Aries uja azingopitiriza ntchito yake.

Januwale atatsegula, zitsulo anandipangira m'masiku anayi okha, zokongola, stainless ya 316. Masiku anayi! Ndinadikira masabata atatu ntchito ya masiku anayi.

Tsopano tsiku la kireni, apa ndiye magazi anawira. Ndinabukitsa Lachisanu masana, ndinapempha tchuthi chosalipidwa kuntchito, ndinaitana anzanga awiri kuti adzagwire zingwe, ndinawagulira nkhuku ndi tchipisi. Podzuka m'mawa ndinaona mtambo uja wayala pamwamba pa Table Mountain, ndinadziwiratu. Pofika 11 koloko mphepo ya south-easter inali ikuulutsa zidebe pa yadi. Woyendetsa kireni anapukusa mutu, ndipo iye sindimuda, boti la matani angapo likulendewera pa malamba mphepo yotere ndi ngozi, akanavomera ine ndikanakana. Koma kubwerera ku ofesi kuja mayi aja akuti ndalama yobukitsira yapita, mubukitsenso, malo alipo Lachiwiri. Ndinati mayi, kodi mphepoyi ndabweretsa ndine? Akuti si yathunso. Ndiye Loweruka, Lamulungu, Lolemba, onsewo pa invoisi. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti ndikalape kutchalitchi. Nkhuku ija tinadyera pansi pa boti mchenga ukulowa m'kamwa.

Bukitsani kireni m'mawa kwambiri, nthawi yoyamba yomwe ali nayo, chilimwe cha kuno mphepo imakonda kukula dzuwa likakwera. Ndipo funsani musanakweze boti kuti mphepo ikaletsa amalipira ndani, akulembereni pa pepala. Lachiwiri ndinatenga 7 koloko, kunali bata, mphindi 40 zonse zatheka mlongoti waima.

Za mapepala, laisensi ya wailesi, satifiketi ya boti ndi zotulukira m'dziko ndidzalemba padera, ndi nkhani ina yaitali. Chomwe ndinganene pano n'choti ku St Helena amafuna uonetse inshulansi ya chipatala, musaiwale. Kumeneko kulibenso doko lolowamo ngati kuno, boti umalisiya panja n'kukwera kaboti kakang'ono kokakutula pa masitepe pomwe pali zingwe zolendewera, umagwira chingwe n'kudumpha funde likakukweza. Ndikuti ndikafika ndikakwere masitepe 699 a Jacob's Ladder, ngati miyendo idzakhale ikugwirabe pansi.

Zakudya zili kale m'makatoni pabalaza. Ufa, nyemba za m'zitini, mpunga wa kilombero womwe mlamu anabwera nawo pa basi, usipa wouma womwe ndaukulunga mapepala apulasitiki atatu komabe ukumveka. Madzi ndawonjezera zigubu za malita 20 pamwamba pa a m'thanki, kuti thanki ikaboka ndisatsale opanda kanthu. Nsima ndinayesa kuphika pa chitofu chogwedezeka chija tili pa doko, inapsa, koma kuthyakula ndi dzanja limodzi linalo litagwira chitsulo ndi luso lomwe ndilibe.

Amayi anaimba Lamulungu. Akuti iwe, nyanja yathu ino yakuchepera chiyani kuti ukafune yamchere yopanda tsidya? Ndinalephera kuyankha bwino. Amalume analanda foni n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati ndatenga nkhafi. Ndinati amalume botili ndi lolemera, nkhafi singaliyendetse. Akuti tenga basi. Ndagula.

Loweruka ndikukazungulira Robben Island kuyesa Aries ndi reef yachitatu ija. Dzulo ndinathira madzi a paipi pa deki kutsuka fumbi la pa yadi, n'kupeza zenera la kumanzere likudonthera pa bedi penipeni pomwe ndizigona, ndiye mawa ndikuweruka msanga ndikagule Sikaflex yomatira zeneralo shopu isanatseke.