Tinakaphunzira kukutira mabuku ndi chitenje ku Katete

Loweruka lapitali ife amayi osoka a ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, tinakwera minibasi m'mamawa, kutsata msewu wa Great East mpaka ku Katete, kukacheza ndi anzathu amene amakutira mabuku ndi nsalu. Anatilandira ndi nyimbo ndi thobwa, kenaka anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ntchito n'kuyambika.

Nsalu yawo sagula. Amatola tizidutswa totsala kwa matelala, tomwe ife ku Chipata timasesera kudzala. Koma si chitenje chilichonse. Amayi ena achikulire, omwe onse amangowaitana kuti agogo, anatigwiritsa nsalu ziwiri kuti tizimve ndi zala. Yoterera ija, ya polyester, imakana guluu ndipo imamatuka m'makona. Ya thonje imagwira. Ngati ndi yatsopano amayamba aichapa kuti ifewe, n'kuisita.

Pokutirapo ndi pamene tinakhalitsa. Amaika buku lotsegula pa nsalu, n'kudula mosiya zala ziwiri mbali zonse. Guluu wake ndi woyera uja wa akalipentala, wosungunula ndi timadzi pang'ono, ndipo amapaka pa chikuto, osati pa nsalu, apo ayi amabowola n'kusiya mawanga pa maluwa a chitenje. Ndinayang'anitsitsa manja a agogo pa kona: anadula mopingasa, n'kusiyako kansalu kochepa kwambiri, kenaka anakakankhira mkati ndi chikhadabo asanapinde mbali inayo. Kona inatuluka yosalala, katoni osaoneka. "Mwanawe, usathamange, buku limayamba kutha pakona," anandiuza ataona ndafulumira kupinda. Mkati amamatamo pepala lobisa mphonje, ndipo bukulo limagona usiku wonse litapsinjidwa ndi njerwa.

Titadya nsima ya ndiwo zotendera panabuka kukambirana. Ena mwa ife maso anali ku Mfuwe, kuti tikagulitse kwa alendo opita kukaona nyama ku nkhalango ya South Luangwa. Ndalama iliko, sindikukana. Koma ine mtima wanga uli pa ana athu. Chichotsereni boma la Zambia fizi m'sukulu zake mu 2022, ana adzaza m'makalasi, ndipo makope amagula ndi makolo. Kope lokutira ndi nyuzipepala, likanyowa kamodzi mu Januwale, silifika kumapeto kwa temu. Palinso ma Baibulo ndi mabuku a nyimbo amene anathothoka zikuto kalekale, ndi mabuku a chilimba (magulu osonkherana ndalama) omwe amayenda m'manja ambiri. Zonsezi zili pakhomo pathu pomwe, sizifuna thiransipoti.

Tinagwirizana kuti aliyense apemphe tizidutswa ta thonje kwa telala wapafupi, ndipo tiyambe ndi makope a ana amasiye a mumpingo mwathu sukulu zisanatsegulidwe. Anzathu a ku Katete adzatibwezera ulendo tikakolola, kuti nafenso tidzawaonetse kasokedwe ka zikwama za sukulu.