Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Napolo wa ku Cairngorms

Sabata yatha ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yotsuka mbale pa hotela ina ku Aviemore, ku Scotland. M'khitchinimo munali bambo wina wachikulire, mbadwa ya komweko, amene akapuma ntchito ankakwera mapiri. Atamva kuti kwathu n'ku Phalombe, anandibwereka nsapato ndi jekete kuti tipitire limodzi. Sindinaope. Munthu wokulira m'tsinde mwa Mulanje, komwe Sapitwa amafika mamita 3,002, angaope phiri la Cairn Gorm la mamita 1,245?

Usiku wonse kunagwa sinowo, mphepo ikuwomba mwamphamvu kuchokera kumwera chakumadzulo. Asanalize galimoto, bamboyo anawerenga pa foni chenjezo la ngozi ya kugumuka kwa sinowo m'mapiri, lochokera ku Scottish Avalanche Information Service, lomwe limatuluka tsiku lililonse nyengo yozizira. Ngoziyo amaiika m'magawo asanu, ndipo tsikulo inali pa gawo lachitatu.

Titayandikira chigwa cha m'phirimo chotchedwa Coire an t-Sneachda, anaima n'kutulutsa fosholo. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, nandiuza kuti ndigwade ndione khoma lake. Pamwamba panali chibuma cholimba cha sinowo amene mphepo inakokolola kuseri kwa phiri n'kudzamuunjika kuno. Pansi pake panali kamzere kopyapyala, kofewa ngati shuga, moti chala changa chinangolowa osakankha n'komwe. Anamenya pamwamba ndi dzanja kangapo, chibuma chija chinangoti tsere, n'kugwera pamapazi pathu.

“Ukuona? Phiri lonseli lakhalira pa shuga ameneyu,” anatero.

Anandiuza kuti malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 ndiwo amagumuka kwambiri, ndipo nthawi zambiri woyambitsa amakhala munthu yemweyo wopondapo. Wokwiririka akapanda kufukulidwa m'mphindi 15, mwayi wake umachepa msangamsanga. Analoza chakumadzulo, ku mpata wa pakati pa mapiri wotchedwa Chalamain Gap, komwe anthu atatu anafa atakwiriridwa ndi sinowo wogumuka mu February 2013.

Mtima wanga unathawira kwathu. Mu March 1991 ndinali kamwana pomwe Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, n'kukokolola midzi. Uja anabwera ndi mkokomo. Kuno kunali zii, phiri loyera mbee, lokongola kwabasi, ndipo zimenezo n'zomwe zinandinjenjemeretsa mawondo.

Tinabwerera, tikuponda m'mapazi mwathu momwe. Madzulo ndinaimbira foni amayi n'kuwafotokozera zonse. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu: “Mwana wanga, kodi kumenekonso Napolo amadutsa?”