Tsiku limene ndinawalemba ganyu abwana

Kampani yathu ya mainjiniya a zamisewu italandira bwana wamkulu watsopano ku Lilongwe, iwo asanatione n'komwe anatitumizira uthenga pa WhatsApp: zoti "bwana" zatha, tonse ndife banja limodzi, aliyense azilankhula zoona mosaopa. Ife a ku Mangochi tinayankha kuti "zikomo kwambiri bwana."

Sabata imeneyo ndinali pa ntchito yowerenga magalimoto pa mlatho wa Bakili Muluzi. Musaiderere. Mlathowu, umene anatimangira a ku Japan n'kutsegulidwa mu 2002, ndiwo khomo la aliyense wopita ku Namwera ndi ku Chiponde, ndipo manambala athu ndi amene amauza mainjiniya kuti msewu ukhale wolimba bwanji. Umagwira pepala la mizere, lole pake, minibasi pake, njinga yamoto pake, kabaza pake, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo. Mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likuwotcha mpaka bolopeni kumaterera m'manja.

Cha m'ma 12, usipa wa dzulo unayamba kundiyankhula m'mimba. Linali Lachisanu, mnzanga anali atapita kumzikiti. Pafupi panaima bambo wina wa kabudula, patapata ndi chipewa chamlaza, akuyang'anitsitsa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ngati mlendo amene akudikira chambo chipse. Anandifunsa chimene ndinkachita.

"Achimwene, Mulungu wakutumani. Gwirani apa. Chikadutsa, chongani. Ya Fanta ilipo."

Analandira pepala osawiringula. Nditabwerako, thupi litapepuka, ndinaona kuti munthu wadzipereka, ndiye ndinamusokonezeranji? Ndinakhala pamthunzi, ndikutafuna chinangwa, n'kumamufotokozera za kwathu kuntchito. Banja lanji limene alawansi imafika patatha miyezi iwiri? Banja lanji limene bambo wake timangomuona pa foni? Iye ankangoti, "Ehe, pitirizani." Ndinapitirizadi. Pomaliza ndinamupatsa K1,000, ndipo analandira ndi manja awiri.

M'mawa mwake anatiitana ku ofesi kuti tikalonjere alendo. Kutsogolo kunakhala achimwene anga aja, atavala jekete. Malovu anauma.

Injiniya wotiyang'anira, amene sankadziwa kanthu, anafuna kuonetsa alendo kuti iye salekerera zibwana. Anakweza pepala langa m'mwamba.

"Ola la 12 mpaka 1 anawerenga ndani? Makabaza 9 okha pa mlatho uja? Malole awaika mu mzere wa minibasi! Munthu ameneyu kusukulu anapitako?"

M'chipindamo munangoti zii. Abwana anandiyang'ana akumwetulira.

"Lankhulani zoona mosaopa, achimwene. Tili pabanja pano."

Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana jekete, ndinakumbukira kuti lendi sindinalipire.

"Ndine, bwana."

"Osati bwana," anandikonza mofatsa. Kenako anatembenukira kwa injiniya uja. "Musamukalipire. Mungomuphunzitsanso kusiyanitsa lole ndi minibasi."

Lachisanu lotsatira ndinabwereza tsiku lonse pa mlatho, nditadya buledi wouma yekha. Alawansi inafika Lolemba, koyamba m'mbiri ya kampani. K1,000 yanga ija sanabweze.